Mizere Makumi Awiri ya M'kabuku ka Uzamba

Nthawi ya chitaganya ndinali mtsikana wothandiza anamwino pa kachipatala ka mishoni pafupi ndi Lirangwe. Ntchito yanga inali kuwiritsa majekeseni, kuchapa mabandeji ndi kutaya za m'mabeseni. Kwathu ndi ku Chileka, ndipo ndikapita kumudzi amayi ankaloza ndege ikamanyamuka, amvekere, "Anesi athu adzakwera imeneyo." Ine za ndege sindinkazifuna. Ndinkangofuna sukulu ya unamwino basi.

Adona achizungu oyang'anira chipatalacho anandiuza kuti Sitandade 6 yokha siyikwanira, ndiwonjezere masetifiketi. Ndinakhoza ya chithandizo choyamba, kenako ya kasamalidwe ka makanda. Inatsala ya uzamba. Anandipatsa kabuku ka mizere makumi awiri: mayi aliyense amene ndamuthandiza pochira, adonawo asaina mzere umodzi. Kakadzaza, andilembera kalata ya kusukulu. Anandikumbutsanso kuti sukuluyo imalandira atsikana osakwatiwa, opanda mwana.

Tsiku loyamba ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono n'kulowa m'chipinda chochirira. M'menemo munali mayi wapakati ndi apongozi ake. Apongoziwo anandiyang'ana pachifuwa.

"Kodi mwanawe, unachembeza?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye ukufunanji muno? Za kuchikuta n'za ntchembere. Tuluka, apo ayi timunyamula wathuyu akachirire kumudzi."

Adona anaopa kuti amayi asiya kubwera kuchipatala, choncho anandilozera chitseko. Ndinakaima pakhonde ndi ketulo ya madzi otentha, ndipo pakhondepo ndinaimapo zaka zitatu. Khanda likalira mkatimo ndinkadziwa kuti mzere wina wandidutsa. Inasainidwa itatu yokha, ya amayi apaulendo amene matenda anawayambira pa siteshoni ya sitima, opanda wachibale wowalankhulira.

Ndinkapsa mtima, sindibisa. Kumanga mchombo ndinkakudziwa, ndinali nditaphunzira pa chidole cha nsanza mpaka chinang'ambika. Amayi omwewo ondikana m'chipinda chochirira akabwera ndi ana kusikelo ankanditcha anesi, mano onse pamtunda. Tsiku lina ndinapempha adona kuti angosaina, popeza madzi ndinkaperekera pakhomo ndine. Anati kumeneko n'kunama. Ndinawanyanyala sabata yathunthu, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti sanalakwe.

Kumudzi nako sanandipumitse. Kalipentala wina wa ku Chigaru anafunsira mbeta kwa amalume, ine ndinakana kawiri. Amayi analeka kuloza ndege. "Mwanangu, mapepala sayamwa," anatero. Kalipentala uja atabwera kachitatu ndinali nditatopa. Ndinavomera, ndipo anali munthu wabwino, zimenezo sindingamunamizire.

Ndinabwerera kuntchito ndili ndi mwana kumbuyo. Sipanathe mwezi, apongozi aja anatulukiranso ndi wapakati wina. Atandiona anaomba m'manja.

"Eee, lowani amake mwana! Bwanji mukuima pakhonde ngati mlendo?"

Ndinalowa. Mbiri inamveka m'midzi yonse kuti pachipatala pali mzamba wa manja abwino, ndipo chimanga chisanache kabuku kanadzaza. Adona atasaina mzere womaliza anandipatsa setifiketi ija, nati ndakhoza bwino kuposa onse amene anawaphunzitsapo. Ndinaimabe pamenepo, setifiketi ili m'manja. Za kalata sanatchule, inenso sindinafunse. Mwana anayamba kulira kumbuyo, ndipo ndinatuluka kukamuyamwitsa pakhonde lomwe lija.