Ndidawauza Kuti Adikire, Ndipo Adadikiradi

Inu owerenga, mlongo wanga adamwalira akudikira ine, ndipo amene adalamula kuti adikire ndidali ine ndemwe. Ndalemba izi kuti wina mwa inu asadzachite zomwe ndidachita.

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndidapuma pa ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi. Ndimakhala kufupi ndi chipata cha m'malire cha Muloza. Mlongo wangayo, Felesiya, ankakhala kutsidya kwa mtsinje, m'dera la Milange, pa malo a malemu amayi athu, pamodzi ndi amuna ake a Jowakimu. Amalume athu onse adatha, choncho mwinimbumba ndidali ine. Kwathu kuno, mkazi akadwala kwambiri, mwamuna wake sachita chinthu chachikulu asanamve kwa mwinimbumba, chifukwa zikavuta amafunsidwa kuti adamulola ndani.

M'chaka cha matenda a korona, chipata cha m'malire chidatsekedwa kwa anthu wamba. Akabaza ankangowodzera pa njinga zawo mumthunzi, ndipo kutchalitchi tinkakhala motalikirana ngati anthu odana. Ine, pokhala wodwala shuga, ndidaika ndowa ndi sopo pakhomo, ndipo mlendo aliyense ankathera kunja kwa mpanda. Ndinkadzitama kuti ndine wosunga malamulo, ndipo ndinkadzudzula onse owoloka mtsinje mozemba.

M'mawa wina a Jowakimu adatulukira, buluku litanyowa, opanda chotchinga kukamwa. Ndidawaimitsa kunja kwa mpanda. Adandifotokozera kuti Felesiya akutsokomola ndi kubanika, ndipo akufuna kupita naye kuchipatala. Koma masiku amenewo kudali mphekesera yoti wolowa m'chipatala ndi chifuwa saonedwanso ndi abale, ndipo akamwalira amaikidwa ndi alendo. Iwo adaopa kusenza okha mlandu wotere.

"Alamu, mbumba ndi yanu, ine ndine mkamwini chabe," adatero. "Ingonenani mawu amodzi, ndimukweze panjinga lero lomwe."

Inu owerenga, ndikadangoti pitani naye, sindikadataya kanthu. Koma ndidaona ngati n'kuchepa kuti mwinimbumba avomereze asanaone wodwala. Ndidayankha mmene ankayankhira amalume anga: "Musachite kanthu mpaka ndidzamuone ndi maso anga." Atafunsa kuti ndibwera liti, ndidati posachedwa.

Tsiku lotsatira ndidavala jekete, n'kupita kuchipata kukapempha chilolezo. Adandiuza mwaulemu kuti akudutsa ndi magalimoto a katundu okha. Wakabaza wina amene adamva zimenezi adaseka.

"Madala, inu nokha Muloza yonse mukufuna chidindo kuti mukaone mlongo wanu? Mtsinje sufunsa chiphaso. Kwerani ndikakutuleni padooko."

Ndidamudzudzula kuti alibe mwambo, n'kubwerera kunyumba. Akazi anga adandidandaulira kuti nditumize mawu ndi amayi ogulitsa nyemba amene ankawoloka m'mawa uliwonse. Ndidakana, ndikunena kuti nkhani ya matenda siyendera pa dengu la malonda. Ndinkalonjeza kuti ndipita mawa, ndipo mawalo likafika ndinkapeza chifukwa china. Choonadi chake n'chakuti ndinkaopa chifuwacho, koma mantha angawo ndidawaveka dzina la lamulo. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti zikafika poipa a Jowakimu aganiza okha.

Uthenga wa maliro udabwera ndi mmodzi wa amayi a nyemba omwe aja. Tsiku limenelo sindidapemphe chilolezo kwa munthu. Ndidavula nsapato, ndidapinda buluku, ndidawoloka. Madzi adalekeza m'mawondo.

Pamaliro padali anthu ochepa, okhala motalikirana. Ndinkayembekezera kuti a Jowakimu andinyoza, ndipo zikadandipepukira. M'malo mwake adandigwadira.

"Alamu, mawu anu tinawasunga. Sitinachite kanthu."

Adafotokoza kuti kubanika kutakula iwo adafuna kuphwanya mawuwo, koma Felesiya mwiniwake adakana. Adati achimwene anena kuti abwera, ndipo achimwene sanama. Adapempha kuti amuyalire mphasa pafupi ndi chitseko, pomwe njira yochokera kumtsinje imaonekera. Njinga ndidaiona itatsamira nkhokwe, pilo atamangiriridwa kale pakaliyala.

Sindikudziwa ngati adali korona, ndipo sindingatsimikize kuti kuchipatala akadachira. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwayi woyesa ndidawalanda ndine.

Musandimve molakwa. Kusamba m'manja ndi kukhala motalikirana kudali koyenera, ndipo sindikulimbikitsa munthu kuphwanya malamulo a m'malire. Ndikunena ndi inu eni mbumba anzanga, ndi aliyense amene mawu ake amamvedwa pabanja. Ngati simungathe kufika, nenani poyera kuti simufika, ndipo masulani anthu apite ndi wodwala kuchipatala. Ngati mukuopa, vomerani kuti mukuopa. Musamange anthu ndi lonjezo limene miyendo yanu sikulitsatira, chifukwa amene amakulemekezani kwambiri ndi amene adzadikire mpaka mapeto.

A Jowakimu amawolokabe kudzandifunsa za ana a Felesiya, ndipo amagwadabe. Masiku ano ndimawayankha asanatsamize njinga.