Ndege za Apongozi mu Shedi ya Thonje

Apongozi anga aamuna atapuma ntchito yokonza makina kumunda wa nzimbe, anabwera kudzakhala nafe ku Ngabu. M'katundu wawo munali tindege tomwe ankapanga okha. Mapiko ankadula ku zoyera zopepuka zija amatchinjirizira wailesi m'katoni, thupi linali phesi la mapira, kutsogolo kamota ndi batire la foni. Kuphiko kunkachoka zingwe ziwiri za mbedza, zofika ku kamtengo kogwira m'manja. Ukapendeketsa dzanja m'mwamba, kachitseko ka kumchira kankatukuka, ndege n'kukwera.

Panja mphepo inkanyamula tindegeto ngati mankhusu. Ndiye ogula thonje akachoka, ankapempha shedi yopanda kanthu n'kumaulutsira momwemo.

Woulutsa amaima pakati n'kumazungulira nayo ndegeyo, ndipo iwo chizungulire chinayamba kuwavuta. Tsiku lina nditawapititsira madzi akumwa, ndinawapeza atakhala pathumba, ndege ili pamiyendo.

"Mayi, tagwirani apa," anatero.

Ndinachita manyazi. Chikwatiwireni, ine ndi iwo kunali kupatsana moni ndili chogwada, basi.

"Bambo, ndikuswerani."

"Mukaswa timata."

Ndinamanga chitenje zolimba, iwo n'kuyatsa kamota n'kuitaya ndegeyo. Zingwe zinakhwefuka, inabwera kwa ine n'kugwera pamapazi panga. Anaitola, naikhazika pa zala ziwiri, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anamata kamsomali kunsonga ya phiko lakunja, napinda mchira pang'ono kuti mphuno iziloza kukhoma.

"Izikoka ngati ng'ombe yofuna kuthawa," anatero.

Inakokadi, koma inkadumphadumpha. Anasunthira batire kutsogolo, inakhazikika.

Tinatero masana ambiri, malata akuthetheka ndi dzuwa. Ine ndinkanena zomwe dzanja lamva, iwo n'kumakonza. Podikira kuti guluu aume, ankandisimbira za kwawo kutsidya, ku Mozambiki, ndi momwe anawolokera Shire pabwato ali mnyamata. Zina mwa izo ngakhale mwamuna wanga sankazidziwa.

Tsiku lina ndege ikuyenda bwino, anati, "Tsopano tukulani dzanja, musabweze."

Inakwera, inagadabuka pafupi ndi denga, n'kutsikira m'njira yake yomwe ija. Ndinakuwa ngati mwana. Iwo anangoti, "Pyadidi," m'Chisena chawo, kutanthauza kuti zili bwino, akupukuta magalasi. Atawavala, anandiuza kuti aona phiko lakunja likugwa pang'ono potembenuka, ndipo anayamba kufunafuna msomali wocheperapo m'thumba la malaya.