Kalata ya mu Nsapato ya Kumanzere

"Bambo, mundipatse nsapato yanga lero lomwe, apo ayi ndigubuduza benchi yanuyi!"

Wokalipayo ndinali ine, ndili ndi zaka sikisitini. Okalipiridwawo anali a Mawa, osoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa ntchito iliyonse yankho lawo linali limodzi: bwerani mawa. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangopitiriza kukoka ulusi, timisomali titatu tili pakamwa.

Nkhani yake inali iyi. Ine ndi mwana wamkazi wa a telala tinapangana zothawa. Katauni kathu kankatithina: msewu umodzi, nkhope zomwezomwezo, ukayetsemula kumsika amayi ako amva kale. Tinati tikwere basi ya Loweruka, sukulu itsale. Koma nsapato yanga ya kumanzere inali itayasama kukamwa, ndipo mwamuna angakafike mumzinda chala chili panja? Ndinaisiya kwa a Mawa Lachiwiri, n'kuiwala kuti kalata ya mtsikanayo, yotchula tsiku ndi basi, ndinaibisa m'katimo pansi pa kachikopa.

Lachitatu anati ulusi watha. Lachisanu anati guluu sanaume. Loweruka, tsiku la phokosoli, analavulira timisomali tija m'dzanja n'kunena kuti, "Iwe, nsapato imeneyi sinakonzeke kuyenda ulendo. Mwini wakenso chimodzimodzi."

Basi inadutsa ndikuiona, ine ndili chilili, phazi limodzi lili mu patapata. Mtsikana uja anandinyanyala mwezi wathunthu. Nsapato inatuluka mayeso atatha, yosokedwa mizere iwiri, kalata ili malo ake omwewo. Sanauze bambo anga, sanauzenso a telala. Akanatero, bwenzi nditasendedwa wamoyo.

Lero ndimawotcherera zitsulo pamsewu womwewo, ndipo mtsikana uja ndi mayi wa ana anga atatu. Wofuna kunyoza a Mawa pamaso panga ayambe wawerenga mano ake.

Koma pamaliro a mkuluyo mwezi wathawu, mwana wawo woyamba anandiuza kuti bambo akewo sankadziwa kuwerenga, ngakhale dzina lawo lomwe. Nanga za basi ya Loweruka anazidziwa bwanji? Ndikafunsa kunyumba, amake ana amangomwetulira n'kupitiriza kusita malaya.

Kuthokoza ndathokoza, sindikana. Koma alipo amene anandigulitsa kwa mkulu uja, ndipo akudya nane mbale imodzi kapena amandipatsa moni pamsewu. Wondigulitsayo adzuke, andiyankhe.