Chulu cha Galimoto Yakale

Moni kwa owerenga nonse. Ine ndine Dyton Kachingwe wa ku Nkaya.

Ndayandikana ndi mkulu wina amene anali makaniko wa njanji. Galimoto yawo yakale inafa sitata, choncho amaiimika pachulu kuti izilira potsetsereka. Poipukuta amati, "Iyi sikudwala, yangokalamba."

Mu 1976 ndinagumula chulucho poumba njerwa, osawapempha. Iwo sanandidzudzule. Patangopita milungu iwiri, nthawi ya mayi a kunyumba inakwana, ndipo mzamba analephera. Ndinapita kwa mkuluyo mwamanyazi kukapempha galimoto.

Anangoti, "Kankhani, achimwene. Lero chulu ndinu."

Ndinakankha mpaka inalira, ndipo kuchipatala ku Balaka mayi ndi mwana anapulumuka.

Chulucho ndinachiunjikanso ndekha. Ndikupempha mukumbukire chimodzi: dothi limenelo si la njerwa.