Chitsulo cha pansi pa mpando

Ndisanabwere ku Dublin ndinakhala zaka zingapo ku Joni, ndikuyendetsa galimoto ya kampani ya alonda. Mfuti ndinali nayo mwalamulo, ya chiphaso chake. Mkulu amene anatiphunzitsa ankabwereza chinthu chimodzi mpaka makutu kuwawa: munthu akakuputa pamsewu mfuti usayikhudze n'komwe, khoma zitseko, uchokepo. Ndinkagwedeza mutu, koma ine mtima wanga ndi wapachala, ndimadzidziwa.

Kuno za mfuti ndinazisiya, poti ngakhale apolisi oyenda m'misewu sanyamula. Koma dzanja linakana kuzolowera. Ndiye ndinatenga chitsulo chomasulira mateyala n'kuchiika pansi pa mpando wanga, m'malo mwa kumbuyo kumene anthu amachisunga. Mayi akunyumba anachipeza tsiku lina akusesa m'galimoto.

"Ichi chikutani pano, bambo a mwana?"

"N'cha puncture."

"Puncture yake imachitikira pansi pa seat?"

Ndinachibwezera pomwepo.

Inali nthawi ija chuma chitagwa, makampani akungotseka. Ku Mulhuddart, dera la mu Dublin kumene tinkakhala, amuna ankangoima m'makomo masanasana, manja m'matumba. Inenso ntchito yanga yonyamula katundu inali itatha. Mapepala athu okhalira m'dziko muno ankadikira kuwonjezeredwa, ndipo loya anatiuza mosapsatira kuti mlandu wakupolisi, ngakhale waung'ono, ukhoza kutikweza ndege tonse atatu, ife ndi mwana wathu wamkazi. Ndinkangoti zunguliru m'nyumba, kutsegula firiji, kuitseka, kukasuzumira pakhomo ngati kalata yagwa. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anga amatuluka ngati ukali.

M'mawa wina ndinkawaperekeza mayiwo ku Swords, kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Tinadzera kamsewu ka m'minda, kopapatiza, kokhala ndi mipanda ya zitsamba uku ndi uku. Vani yoyera inatikakamira kumbuyo, ikufuna kudutsa. Kutsogolo ndinaona thirakitala ikubwera. Ndinachita zimene dalaivala aliyense wa pamsewu wa Blantyre ndi Lilongwe amachita: ndinayatsa indiketa yakumanja, kumuchenjeza mnzangayo kuti asandipitirire, kukubwera galimoto. Kwathu chimenecho n'chifundo. Iye anaganiza kuti ndikukhotera kumanja, pageti la famu, ndiye anangolowa kumanzere kwanga. Malo panalibe. Vaniyo inakhula zitsamba, galasi lake la m'mbali n'kuthyoka.

Thirakitala itangodutsa wa vani uja anatipitirira n'kupingasa vaniyo pamsewu. Munatsika chimzungu chachitali, nkhope ili psu, chitavala nsapato za omanga nyumba. Chinamenya denga la galimoto yathu ndi chibakera, chikutukwana khungu langa, chikuti tinabwera kudzawalanda ntchito. Ntchito yake iti, ine ndikungokhala! Kenako chinazungulira mbali ya mayiwo n'kulavulira pagalasi, moyang'anizana ndi nkhope yawo.

Pamenepo m'maso munada. Loya sindinamukumbukire, mwana sindinamukumbukire, mkulu wa ku Joni uja ndiye osanena. Dzanja lamanja linagwira chotsegulira chitseko, lamanzere linatsika pansi pa mpando. Ndinakhudza kapeti ndi chitsekero cha botolo basi.

"Chili kuti?"

"Chili ku shed kuseri kwa nyumba," anatero mayiwo, maso ali kutsogolo. "Ndinachichotsa kalekale. Lokani door, bambo a mwana."

Ndinakhoma. Osati chifukwa cha nzeru ayi. Munthuyo anali ngati awiri a ine, ndipo chimanjamanja sindikanalimba naye. Wa thirakitala uja, bambo wachikulire, anali ataima chapatali. Anabwera wapansi n'kulankhula ndi wa vani uja motsitsa mawu kwa kanthawi. Vani inalizidwa n'kumapita.

Njira yonse yotsala ndinawakalipira mayiwo. Ndinati andichititsa manyazi, andisandutsa mwana, akanatiphetsa. Iwo anangogwira chikwama chawo pamiyendo. Titafika anatsika, anatulutsa kapepala kopukutira m'thumba la yunifolomu, napukuta malovu aja pagalasi, monga amapukutira nkhalamba zawo pakamwa. Kenako analowa kukayamba ntchito osatembenuka. Ndinakhala pamalo oimikapo magalimoto nthawi yaitali ndisanalize galimoto.

Mapepala anabwera patapita miyezi. Mwana uja anakulira kuno, timamulankhula Chichewa iye n'kumayankha m'Chingelezi. Nkhaniyi inafika kutchalitchi kwathu, sindikudziwa kuti inadzera kuti, ndipo mpaka lero anthu akamalangiza anyamata okonda ndewu amatchula ine. Amati taonani bambo awa, analavuliridwa koma sanatsike m'galimoto. Mayiwo sanawatsutsepo, amangoyang'ana pansi. Ine ndimadziwa kuti pansi pa mpando paja ndinapapasapo kawiri.