Tsiku Lomwe Tinaperekeza Mlendo

Chomwe ndimakumbukira kwambiri ndi kugogoda kwa mapaipi otenthetsa m'chipinda. Ankayamba kho, kho, ngati munthu ali pakhomo, kenako kutentha n'kuyamba kumveka m'miyendo. Chipindacho chinali kunsi kwa tchalitchi china ku Bradford, ndipo Loweruka lililonse tinkakumanamo ife Amalawi ogwira ntchito yosamalira okalamba. M'menemo ndi momwe munthu ankamvera koyamba kuti bwana alibe mphamvu yomulanda pasipoti, kapena yomuopseza ndi viza akadandaula.

Chaka chimenecho atchalitchi anatiuza kuti sangathenso kutisunga ulere. Tinapempha thandizo la lendi ku bungwe lina lothandiza timagulu ngati kathu, ndipo linatumiza mayi wachizungu kuchokera ku Manchester kuti adzatione.

Tinamulandira monga timalandirira mlendo kwathu. Abambo masuti, amayi zitenje zatsopano, mandasi m'mbale tho. Aliyense anamupatsa moni payekhapayekha. Atafunsa za mavuto athu, tcheyamani wathu, bambo wina yemwe anali nesi pachipatala, anati tili bwino, Mulungu akutisunga. Onse anavomera ndi mitu. Ndani angadandaule mlendo asanamalize n'komwe tiyi?

Ine ndinali kumbuyo, ndipo maganizo anapita kwa agogo anga aakazi, omwe anandilera makolo atamwalira. Alendo othandiza ana amasiye atabwera kumudzi kwathu, agogo anandisambitsa, kundidzoza mafuta, n'kundiveka malaya akutchalitchi. Alendowo anandimwetulira n'kudutsa. Anasankha ana otuwa.

Mlendo wathu anali atayamba kuyang'ana wotchi. Chipinda chinali kutichoka tikuona. Pambali panga, mayi wina wa ku Ntcheu, yemwe tonse tinkangoti achemwali, ankapotokola mpango m'manja. Bwana wawo anali atawachepetsera mashifiti chifukwa chofunsa za tsiku lopuma, ndipo ankaopa kuti akayankhula pagulu, nkhani ikawapeza kuntchito.

Mlendo atatsanzika, ndinatola ambulera yanga n'kupatsa achemwaliwo.

"Achemwali, kunja kukugwa mvula. Tawaperekezani alendowa pokwerera basi."

"Nanga inu achimwene, miyendo yanu mwabwereketsa?"

"Chizungu changa chimathera pa moni."

Anandiyang'ana kanthawi, akudziwa kuti si zoona, kenako analandira.

Ndinakwera masitepe n'kuima pawindo. Basi inabwera, mlendo sanakwere. Inabwera ina, inapitanso. Anali chiimire pansi pa ambulera imodzi, achemwali akuyankhula mpaka ndi manja omwe, mlendo ataweramitsa mutu. Tcheyamani anabwera kudzandifunsa kuti anthuwa akukambirana chiyani nthawi yonseyi. Ndinati mwina za mvula.

Achemwali sanatiuze zomwe ananena, ndipo ine sindinawafunse. Anangondibwezera ambulera ili chonyowa, maso ali ofiira, n'kuyamba kutolera makapu.

Patapita masabata angapo, Loweruka lina ndinafika anzanga asanabwere, ndikuganiza kuti mwina n'komaliza. Mdala wachizungu wosamalira tchalitchi anali pakhomo atavala kale jekete. Anati abungwe aja alipira lendi, ndipo iye watopa n'kubwera kudzatitsegulira mvula ili pamsana.

"Mapaipiwo musawakhudze," anatero. "Amalira choncho basi."

Anandiika kiyi m'manja, n'kutsetsereka ndi msewu.