Kuwala Kosaoneka kwa a Katongo

Tangoganizani m'mawa wa tsiku la sukulu kufupi ndi Nyimba, zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mabatile zinkasowa m'masitolo. Pamwala wa kuseli kwa nyumba, a Wilbroad Katongo ayanika mabatile akutha padzuwa ngati nshawa, kuti apezekonso timphamvu. Maso afiila, msana ukuwawa.

A Katongo anali mphunzitsi wa sayansi wochokela kumpoto. Mnzawo wa ku Lusaka anawapatsa timadayodi titatu ta leza, tizipangizo ta magetsi tating'ono ngati nyemba, totulutsa kuwala kowongoka ngati ulusi. Ankafuna kuti ana awo a m'kalasi aone chinthu chimene ankangochiwelenga m'buku.

Koyamba anakalumikiza ku batile monga babu la tochi, ndipo kanapsa pomwepo. Timadayodi timeneti sitifuna magetsi oyenda mosalekeza. Timafuna kukankhidwa mwamphamvu kwa kamphindi kochepa kwambili kuposa kuphethila kwa diso, kenako kupuma. Kachiwili anakakonzela zimenezo ndi zipangizo za wailesi ya m'nyumba, koma mnzawo uja sanawauze kuti kuwala kwake sikuoneka ndi maso. Poyesa kuti sikanayake, anaonjezela mabatile, ndipo kanapsanso.

"Atate a Agness, mwaphwasula wailesi yanga. Nyimbo kulibe, kuwala kulibenso," anatelo akazi awo, amai Ennie. "Kotsalako sungani, anawo muwajambulile pabolodi."

"Ndajambula kokwana, amake Agness. Choko chandikola pakhosi."

Komabe kotsalako kanakhala m'kabokosi ka machesi mpaka mvula itatha, iwo akuopa. Ndi zipangizo za wailesi ija anamanganso: kapasita yodzaza magetsi pang'onopang'ono, ndi tulanzisita yowakhuthula onse nthawi imodzi ngati chidebe cha madzi. Atazindikila kuti kuwalako sikuoneka ndi maso, kumbuyo kwa kalasi anaika kachipangizo komva kuwala, nakalumikiza ku sipika kuti izilila kuwalako kukafika.

M'mawa uja anatola mabatile ofunda aja napita nawo m'kalasi. Analumikiza waya. Palibe chinaoneka, koma sipika inayamba kulila ngati udzudzu. Wophunzila wina, Consolata, anatchinga ndi dzanja pakati pa kadayodi ndi kachipangizo kaja, kulilako kunasiya. Atachotsa dzanja, kunayambilanso. Ana onse anafola kuti nawonso atchinge.

A Katongo anangokhala pabenchi, akusisita msana. Wailesi ya amai Ennie sinabwelele m'nyumba. Kadayodi kachitatuko sikanapse, ndipo kanagwila ntchito m'kalasimo chaka ndi chaka mpaka a Katongo atapuma pantchito.